Njere za ku Karonga kapena chokoleti cha m'katoni cha ku Limbe?

Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, masiku ano phwando lopanda keke anthu amaliona ngati lapelewera. Chinkhoswe, ukwati, tsiku lobadwa la mwana, ngakhale mwambo wotsanzikana wa ana a kunasale, zonsezi zimafuna keke. Ophika ambiri ndi amayi ndi achinyamata amene uvuni wawo uli pakhomo pomwepo, maoda n'kumalandirira pa WhatsApp. Mwa iwowa muli ena amene akulingalira zokwera sitepe ina: kumapanga chokoleti chokuta bwinobwino m'pepala, dzina la bizinesi yawo lili pamwamba. Asanafike poganiza za dzinalo, funso limene limawaimitsa ndi lakuti koko azimutenga kuti.

Njira zilipo ziwiri. Ina ikuloza kumpoto, ku Karonga ndi kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, kumene munthu angagule njere za koko zouma n'kudzazikonza yekha mpaka zisanduke chokoleti. Ina ikuthera ku Limbe ndi m'tauni, m'maholoselo ndi m'mashopu ogulitsa zipangizo za makeke, kumene kuli ufa wa koko ndi chokoleti chongofunika kusungunula, zambiri mwa izo zolowa kuchokera ku South Africa. Pongomva, wina angati ndi katundu mmodzi wogulidwa malo awiri. Koma wosankha njere ndi wosankha katoni akuyamba mabizinesi osiyana, ofuna mpamba wosiyana, luso losiyana ndiponso makasitomala osiyana.

Kumene katunduyu amachokera

Mtengo wa koko kwawo ndi kunkhalango za Amazon ku South America. Umafuna malo otentha chaka chonse, a chinyezi, a mthunzi, ndi mvula yofika mamilimita 1,500 kapena kuposa pachaka, yosatha miyezi yambiri italeka. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ali ndi chilimwe chachitali chouma komanso chisanu cha mu June, choncho mtengowu sungakondwe kuno. Kumene umamera bwino ndi kuchigwa cha kumpoto kwa nyanja. Boma la Kyela, m'chigawo cha Mbeya, ndilo limatulutsa koko wambiri ku Tanzania, ndipo alimi ake amamudzala m'minda ya nthochi kuti apeze mthunzi. Mbali ya kwathu, kumpoto kwa Karonga kufupi ndi malire komanso m'madera ena a Nkhata Bay, koko aliko koma ndi wochepa, ndipo alimi ambiri ali ndi mitengo yowerengeka yozungulira pakhomo. Mtengo umatenga zaka 3 mpaka 5 kuti uyambe kubereka. Chipatso chimodzi chimakhala ndi njere 30 mpaka 40, ndipo kuti pakwane kilogalamu imodzi ya njere zouma pamafunika zipatso zoposa 20.

Kuti koko wa kuno angapange chokoleti chabwino si nkhambakamwa. Ku Mzuzu kuli kampani ya Kwanza Cocoa, imene anaiyambitsa mayi Wezi Mzumara, ndipo imapanga chokoleti kuchokera ku koko wolimidwa m'dziko mommuno. Kungoti Mzuzu ali pafupi ndi minda. Wa ku Chilomoni, kuti akafike ku Karonga, ali ndi ulendo wa makilomita oposa 800, wodutsa zitunda za Chiweta.

Ulendo wa katoni ndi wautali kuposa pamenepo, ngakhale wogula sauona. Côte d'Ivoire ndi Ghana amalima pafupifupi theka la koko wa dziko lonse lapansi. Njere zambiri zimakwera sitima kupita ku mafakitale a ku Ulaya ndi ku Asia, kumene makampani akuluakulu monga Barry Callebaut ndi Cargill amazigaya. South Africa salima koko wogulitsa, koma ali ndi mafakitale a chokoleti, monga ya Cadbury ku Gqeberha ndi ya Nestlé ku East London, komanso makampani ena opanga chokoleti cha ophika makeke. Kuchoka kumeneko katundu amakwera thiraki, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, n'kudzalowera pachipata cha Mwanza. Akamafika pashelefu ku Limbe amakhala atadutsa m'manja ambiri, ndipo dzanja lililonse latengapo yake.

Chimene ukugula ukagula njere

Njere yongochotsedwa kumene m'chipatso siimveka fungo la chokoleti ngakhale pang'ono. Imakhala yokutidwa ndi tinthu toyera totelera, totsekemera, koma m'kati mwake ndi mowawa ndi mokhakhala pakamwa. Fungo la chokoleti limabadwa povundika. Mlimi amaunjika njere zonyowa n'kuziphimba ndi masamba a nthochi, kapena kuziika m'mabokosi a matabwa, kwa masiku 5 mpaka 7, n'kumazitembenuza. Muluwo umatentha wokha mpaka madigiri 45 kapena 50, njere zimafa, ndipo m'kati mwake mumasintha mtundu ndi kakomedwe. Kenako amaziyanika padzuwa, makamaka pathandala, mpaka chinyezi chitsike kufika pa magawo 7 kapena 8 pa 100. Pa makilogalamu 100 a njere zonyowa pamatsala 35 mpaka 40 zikauma.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse ya njira ya kumpoto. Kukoma kwa chokoleti chimene chidzapangidwe ku Bangwe kumagamulidwa sabata imene chipatso chaswedwa, kumudzi kumene wopangayo kulibe. Njere zikapanda kuvundikidwa bwino, palibe uvuni kapena makina amene angazikonze. Vuto n'lakuti mlimi wa mitengo 20 amakolola ndowa imodzi pa nthawi, ndipo kamulu kakang'ono sikatentha mokwanira. Komanso ngati venda akugula pasikelo mosayang'ana mtundu wa katundu, mlimi alibe chifukwa chodikirira sabata yathunthu. Amangoyanika n'kugulitsa, ndipo sitingamunene, chifukwa ndalama ndi yomweyomweyo.

Ku Tanzania ena anapeza mankhwala a vutoli. Kampani ya Kokoa Kamili, imene inayamba mu 2013 ku Mbingu m'chigwa cha Kilombero, imagula njere zonyowa kwa alimi ang'onoang'ono ambiri, n'kuzivundika ndi kuziyanika pamalo amodzi. Mlimi amalandira ndalama msanga, ntchito yovuta ija imagwiridwa ndi anthu oidziwa, ndipo njere zake zimafika kwa opanga chokoleti chapamwamba ku Ulaya ndi ku America.

Tsono wogula njere ayenera kuphunzira kuzizenga mlandu asanatulutse ndalama. Kunja kokha sikuthandiza: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amatapa njere 100 kuchokera pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba, n'kuzing'amba pakati ndi mpeni imodziimodzi. Yovundikidwa bwino imakhala yofiirira ngati khofi, yokhala ndi ming'alu m'kati. Yosavundikidwa mokwanira imaoneka yapepo, ndipo yosavundikidwa n'komwe imakhala yotuwa, yolimba, yosalala. Ya chuku ndi yofumbwa ndi tizilombo zimaonekeratu. Mphuno nayo ili ndi ntchito. Njere zimene anaziumitsira pafupi ndi moto wa kukhitchini zimanunkha utsi, ndipo utsiwo sudzachoka. Popeza theka la njere ndi mafuta, imakoka fungo la chilichonse chili pafupi. Thumba la koko likakwera lole imodzi ndi usipa wouma, kapena likatsamira chigubu cha dizilo kuchokera ku Karonga mpaka ku Blantyre, chokoleti chake chidzanena chokha kumene chadutsa.

Chimene ukugula ukagula katoni

Wa katoni mayeso onsewa sawadziwa, chifukwa fakitale inamuchitira kale. Chimene wagula lero chidzafanana ndi cha mwezi wamawa, ndipo kwa munthu wolandira maoda a ukwati zimenezi n'zofunika kwambiri. Ntchito yake ndi kuwerenga zolembedwa papaketi, chifukwa zinthu zogulitsidwa m'dzina la chokoleti sizofanana.

Kusiyanaku kunayamba mu 1828, pamene banja la Van Houten ku Netherlands linatulukira makina ofinya koko wogayidwa kuti mafuta apite pawokha, ufa pawokha. Kuyambira pamenepo mafuta a koko ndi ufa wa koko zakhala katundu awiri osiyana pamsika, ndipo mafutawo nthawi zambiri ndiwo amadula. Chokoleti chenicheni cha ophika, chimene amachitcha couverture, chili ndi mafuta a koko osachepera magawo 31 pa 100. Chotchipa, chotchedwa compound, ndi ufa wa koko wosakaniza ndi shuga ndi mafuta a zomera zina, kawirikawiri a njere za kanjedza. Malamulo a zakudya a Codex Alimentarius, amene maiko ambiri amatengerako miyezo yawo, amati chokoleti chakuda chizikhala ndi koko wosachepera magawo 35 pa 100, ndipo mafuta a zomera zina asapitirire magawo 5.

Compound ali ndi ubwino wake ndipo si chinthu chochititsa manyazi. Amasungunuka mosavuta, amauma yekha osafuna luso lapadera, ndipo amapirirako kutentha. Pokutira keke, mabisiketi kapena mtedza wokazinga amagwira ntchito bwino. Kuipa kwake kumamveka pakamwa. Mafuta a koko amasungunuka pa madigiri pafupifupi 34, pansi pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu, n'chifukwa chake chokoleti chabwino chimatha chokha palilime. Compound wotchipa amasiya kaphula kumkamwa. Cholakwika chimabwera pamene munthu wasungunula compound, wathira m'zikombole, n'kulemba papepala kuti ndi chokoleti chenicheni chopangidwa ku Malawi.

Ntchito yotsala pakhomo

Thumba la njere likafika ku Machinjiri, ntchito ndiye yayamba kumene. Poyamba ndi kusankha, kuchotsa miyala, tizitsotso ndi njere zosweka. Kenako kukazinga pa madigiri 120 mpaka 150 kwa mphindi 20 mpaka 40, malinga ndi kukula kwa njere. Pachiwaya ndi mbaula zimatheka, koma zina zimapserera zina zisanapse, choncho uvuni ndiye wabwino. Zikazizira amaziphwanya n'kupeta makoko, ndipo apa lichero la kwathu limagwira ntchito mosachititsa manyazi. Pa makilogalamu 10 a njere pamatsala 7.5 kapena 8 a m'kati mwake. Mukathira shuga wa Illovo kuti koko akhale magawo 70 pa 100, mupeza chokoleti chokwana makilogalamu pafupifupi 11. Mwachidule, kilogalamu ya njere imabala kilogalamu ya chokoleti chakuda.

Povuta ndi popera. Kuti lilime lisamve timchenga, koko ndi shuga ziyenera kusalala kwambiri, ndipo chigayo cha chiponde sichifika pamenepo. Chingathandize kuphwanya koyamba, koma chimasiyamo fungo la mtedza, ndipo pali anthu amene mtedza umawadwalitsa koopsa. Opanga chokoleti ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito makina a miyala yozungulira, ofanana ndi amene ku India amaperera mpunga wonyowa. Aang'ono amatenga makilogalamu 2 mpaka 4 pa nthawi, ndipo amayenera kuzungulira osaima kwa tsiku lathunthu, mwina awiri kapena atatu. Kutakasa kwa nthawi yaitali kumeneku, kumene Rodolphe Lindt anakutulukira ku Bern mu 1879, ndiko kumachotsa kuwawasa n'kusiya kusalala.

Aliyense wokhala mu Blantyre waona kale pamene pali dzenje. Makina ofuna magetsi maola 48 osadukiza ndi ovuta kuwadalira kuno. Mu January 2022 namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kunapitirira chaka chathunthu. Magetsi akazima usiku chokoleti chili m'makina, chimauma n'kugwira miyala. Akayaka mwadzidzidzi munthu asanachisungunule, mota ikhoza kupsa. Choncho wa njere ayenera kuwerengeratu za sola ndi mabatire, kapena jenereta ndi mafuta ake, amene nawonso amasowa nthawi zina. Wa katoni amangofuna mphika wa madzi otentha ndi mbale pamwamba pake. Ngakhale magetsi atapita, mbaula imukwanira.

Pali ntchito imodzi imene wa njere ndi wa couverture amakumanapo. Chokoleti cha mafuta a koko chimafuna kutenthetsa ndi kuziziritsa mwa muyezo: kusungunula pa madigiri 45 mpaka 50, kutsitsa kufika pa 27 kapena 28, n'kukwezanso pa 31 kapena 32 chisanathiridwe m'zikombole. Mukaphonya, chimatuluka chotuwa, chofewa, chomata zala. Mu October, m'nyumba ya malata yopanda siling'i ku Ndirande, chipinda chokhacho chimatentha kuposa muyezo umenewu, ndiye ntchito imagwirika usiku kapena m'bandakucha. Miyezi ya May mpaka August ndiyo yabwino, koma chiperoni chikabwera chimadzetsa chinyezi, ndipo madzi ndi chokoleti sizimwerana. Furiji nayo imapusitsa. Chokoleti chikatuluka mozizira n'kukumana ndi mpweya wofunda chimachita thukuta, shuga n'kuyera pamwamba.

Kwacha, dola ndi mpamba

Ambiri amaganiza kuti njere za kwathu ziyenera kutchipa chifukwa sizinawoloke nyanja. Zoona zake n'zosakanikirana. Katoni imagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi magawo 25 pa 100 mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 mu November 2023, mitengo ya katundu wolowa inakwera nthawi yomweyo. Mabanki akasowa madola, woitanitsa katundu amakawapeza pamsika wamseri, ndipo mtengo wake amaulipira ndi wophika keke wa ku Zingwangwa. Pamwamba pa zimenezi, koko anakwera mtengo padziko lonse. Kumayambiriro kwa 2024 tani imodzi inali pa madola pafupifupi 4,000 ku New York, pofika mu April inali itadutsa 10,000, ndipo mu December inapitirira 12,000. Chinachititsa ndi kukanika kwa zokolola ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana chifukwa cha kusokonekera kwa nyengo, matenda a mitengo, ndi migodi ya golide yosaloledwa imene yaononga minda ku Ghana. Mu 2025 mtengo unatsika ndithu, koma zimene zinachitikazo zinaonetsa kuti mvula ikavuta ku Ghana, keke imadula ku Bangwe.

Njere za ku Karonga zimalipiridwa m'makwacha, ndipo umenewo ndi mwayi weniweni kwa munthu amene sangakaime pamzere wa madola kubanki. Koma mtengo wake sukhazikitsidwa ku Blantyre. Ku Kyela koko amagulitsidwa pamsika wa okushoni kudzera m'makopaletivi, mtengo wake n'kumatsatira wa dziko lonse. Mlimi wa m'mbali mwa Songwe amamva mtengo wa kutsidya tsiku lomwelo, ndipo ogula ochokera ku Tanzania ali naye pafupi kuposa inu. Mukafuna kuti akuvundikireni bwino n'kukusungirani, muyenera kumulipira koposa pamenepo. Kuonjezera apo, makina operera, zikombole, choyezera kutentha ndi mapepala okutira, zambiri n'zochokera kunja. Mukafuna chokoleti cha mkaka, mudzafunanso mkaka wa ufa, chifukwa wamadzi wa ku Thyolo sungalowe m'makina, komanso mafuta a koko oonjezera. Dola imene mwaitsekera pakhomo imalowera pazenera.

Kusiyana kwakukulu kuli pa kayendedwe ka mpamba. Wa katoni akalandira oda Lachitatu, Lachinayi akwera minibasi ya ku Limbe, agula kilogalamu imodzi kapena ziwiri, Loweruka ndalama yabwerera ndi phindu. Ngongole ya banki m'khonde, yobweza pakutha pa mwezi ndi chiwongoladzanja, imagwirizana ndi geni yotere. Wa njere sangapite ku Karonga kukatenga makilogalamu 5. Ayenera kugula matumba, kulipira mayendedwe, n'kusunga katunduyo miyezi ingapo pamalo ouma, pamwamba pa matabwa, kutali ndi makoswe ndi tizilombo. Ndalama yake imagona m'thumba nthawi yonseyo. Amene angayambe njira imeneyi ndi ndalama ya katapila wadzimangirira yekha.

Wina angati bwanji osangowoloka pa Songwe kukagula ku Kyela, kumene koko ndi wambiri. N'zotheka, koma njere zosakazinga ndi mbewu, ndipo zimafuna chilolezo cholowetsera komanso chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda, kuphatikiza za msonkho ku MRA. Malire nawo ali ndi nyengo zake. Mu April 2025 Tanzania inatseka kwa masiku angapo malonda a zokolola ndi Malawi, pobwezera chiletso chimene boma lathu linaika pa katundu wina wolowa. Wodzera njira zachidule amaika mpamba wake wonse pachiswe.

Ukhondo ndi chiphaso

Chokoleti sichiphikidwanso chikachoka kwa wopanga, ndipo ochidya ambiri ndi ana. Njere zosakazinga zayanikidwa panja, pamene pamadutsa nkhuku ndi mbalame, choncho zikhoza kukhala ndi tizilombo ta salmonella. Kukazinga bwino ndiko kumatipha, koma ngati thumba la njere zaziwisi lili m'chipinda chimodzi ndi chokoleti chopangidwa kale, lichero n'kukhala lomwelo, ngozi imabwereranso. Zimenezi zimagwera ngakhale akuluakulu. Mu 2022 mafakitale awiri otchuka a chokoleti ku Belgium anaima kwa kanthawi chifukwa cha tizilombo tomweti. M'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, kulekanitsa zaziwisi ndi zakupsa si nkhani yamasewera.

Wa njere ndi wa katoni onse awiri, akafuna kuti katundu wawo alowe m'mashopu akuluakulu, ayenera kudzera ku Malawi Bureau of Standards, imene likulu lake lili mu Blantyre momwemuno, ndiponso kukhala ndi chiphaso cha khonsolo ya mzinda. Wa katoni ulendo wake ndi wopepukirapo, chifukwa zipangizo zake zinayesedwa kale kumene zinachokera. Wa njere ayenera kuonetsa yekha kuti njira yake yonse ndi yaukhondo.

Adzagula ndani?

Msika wa m'makwalala athu umafuna chotsekemera, chamkaka, chotchipa. Mwana wa sukulu amene wapatsidwa kandalama ka pa buleki akuyerekeza chokoleti chanu ndi maswiti, kamba ndi mafilizesi. Mayi woitanitsa keke ya chinkhoswe akufuna ioneke bwino pazithunzi ndiponso isasungunuke mutenti. Chokoleti chakuda cha magawo 70, chimene wa njere angapange mosavuta ndi koko ndi shuga basi, ambiri akachilawa koyamba amati chikuwawa ngati mankhwala. Pa msika umenewu katoni yapambana, ndipo palibe chifukwa chokanira.

Wa njere msika wake uli kwina: m'mahotela, m'malo ogona alendo ku Mulanje, ku Zomba ndi kunyanja, m'mashopu a mphatso, pachionetsero cha malonda ku Chichiri, ndi kwa Amalawi okhala ku Johannesburg kapena ku London ofuna kunyamula kanthu ka kwawo. Ogula amenewa ndi ochepa koma amalipira, ndipo chimene akulipira ndi kudziwa kuti koko wake analimidwa ku Malawi. Wa katoni sangagulitse zimenezo. Chimene akusungunula chikupezekanso kwa mnzake wa nyumba yachitatu, ndipo mpikisano wawo umathera pa kutsitsirana mitengo. Ndondomeko ya Buy Malawi, imene boma linakhazikitsa mu 2016, imamveka bwino pakamwa pa wa njere kuposa pa wa katoni.

Komabe onse awiri ali ndi chida chimodzi chimene fakitale ya ku Gqeberha ilibe pafupi. Makadamiya a ku Thyolo, mtedza wa ku Mchinji, khofi wa ku Mzuzu ndi ufa wa malambe zimagwirizana ndi chokoleti. Mtedza wokazinga wokutidwa ndi chokoleti umachepetsa gawo la katundu wodula m'paketi iliyonse, n'kupatsa wogula chinthu chimene sachipeza pashelefu ya zochokera kunja.

Palinso khomo lina lolowera kunjira ya njere limene ambiri saliona. Ku Philippines ndi kuzilumba za Caribbean anthu amakazinga koko, kumusinja, n'kuumba timibulu tosungunulira m'madzi otentha kapena mumkaka. Chakumwa chotere sichifuna makina a masiku awiri kapena muyezo wa madigiri. Mtondo, lichero ndi uvuni n'zokwanira. M'mwezi wa June ku Chilomoni, kapu ya koko wotentha ikhoza kupeza ogula msanga kuposa chokoleti chakuda, ndipo wopangayo amaphunzirirapo kusankha ndi kukazinga njere asanagule makina.

Tikaika pasikelo

Kwa munthu amene akuyamba, mpamba wake uli wochepa ndipo makasitomala ake ndi a m'dera lake lomwelo, katoni ndiyo njira yanzeru. Imabweza ndalama msanga, siidalira kwambiri ESCOM, ndipo imapereka mpata wophunzira kuumba, kukuta ndi kugulitsa. Chofunika n'kunena zoona papepala: compound atchedwe compound. Akafuna kukwera, ayambe wayesa couverture, chifukwa luso la muyezo wa kutentha limene aphunzire pamenepo adzalifunanso akadzafika pa njere.

Njira ya njere ndi ya munthu amene wakwanitsa zinthu zitatu: magetsi odalirika, ogula amene alonjeza kale, ndi mlimi kapena gulu la alimi lovundika bwino. Mwa zitatuzi, chomalizachi ndicho choyamba kufunafuna, ndipo sichigulidwa pafoni. Pamafunika kupita, kung'amba njere pamaso pa mwini wake, kugwirizana za masiku ovundika, kuyamba ndi makilogalamu ochepa oyesera, ndi kulipira mtengo woposa wa venda popanda kunyinyirika. Opanga angapo a mu Blantyre ataphatikiza oda yawo, mayendedwe angapepuke, ndipo alimi angaone chifukwa chosonkhanitsa njere zonyowa m'bokosi limodzi lalikulu lotentha mokwanira. Bokosi la matabwa limenelo ndi thandala lake mtengo wake sufika pa wa makina operera, koma ndi limene lidzanene ngati koko wa ku Karonga angapikisane ndi katoni ya ku Limbe. Amene akufuna kudzalemba kuti "koko wa ku Malawi" papaketi yake aike ndalama yake yoyamba pa bokosilo, makina adzagule pambuyo.